Kukonza Malo a Ntchito Kuti Alandire Anthu Aulumali

Chimene chimatsekereza munthu waulumali wa miyendo kapena manja nthawi zambiri si ntchito yeniyeniyo, koma malo amene ikugwiridwira ndi njira yofikira kumeneko. Ku Zomba zimenezi zimaoneka poyera. Mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo maofesi ambiri a boma akadali m'nyumba za nthawi ya atsamunda, zomangidwa m'tsinde mwa phiri, za makonde aatali okwera ndi masitepe. Kalaliki woyenda pa chikuku wokhala ku Matawale amayamba walimbana ndi tinjira tokumbika ndi ngalande, kenaka minibasi yomwe kondakitala angaone chikukucho ngati katundu wolipiritsa. Kabaza, amene amapulumutsa anzake akachedwa, kwa iye alibe ntchito.

Anthu aulumali si ochepa. Kalembera wa 2018, wochitidwa ndi National Statistical Office yomwe likulu lake lili ku Zomba komweko, anapeza kuti pafupifupi anthu 10 mwa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake.

Malamulo alipo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo la zolembana ntchito la 2000 limanena zomwezo kwa mabwana. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, nakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012. Lamulo latsopano la 2024 linasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lomwe linabadwa ndi lamulo la 1971, kukhala MACODA. Kumene zinthu zimachedwa ndi pakhomo pa ofesi.

Kukonzako kumayambira pa njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe. Amisiri ambiri amalakwitsa apa: amathira simenti pamwamba pa masitepe akale, njirayo nkukhala chiphedi choti munthu sangakwere popanda womukankha. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa sentimita imodzi yokwera pakhale masentimita 12 autali. Khonde lotalika theka la mita limafuna njira ya mamita 6, yosaterera nthawi ya dzinja, yokhala ndi zitsulo zogwirira. Chitseko chikhale chotambalala pafupifupi masentimita 90. Chimbudzi ndicho chimaiwalika kawirikawiri, chonsecho chonyonyomala chimakakamiza munthu kukwawa pansi ponyowa. Mpando wokhalira ndi chogwirira kukhoma zimathetsa vutoli.

Zina sizifuna thumba la simenti ndi limodzi lomwe: kusamutsira desiki m'chipinda chapansi, kukweza tebulo kuti chikuku chilowe kunsi kwake, kutsitsa mashelefu, kulola wantchito kufika mochedwerapo nkuweruka mochedwanso. Woyenera kufunsidwa poyamba ndi mwiniwakeyo, pakuti wa ndodo ndi wa chikuku safuna zofanana.

Komabe anthu ambiri a ku Matawale sali pa ntchito yolembedwa. Amadalira utelala, ukalipentala, kukonza mafoni ndi timaokala. Kwa iwo kukonza malo ndi kukonza zida, monga kuika chopukusa chamanja kapena mota pa makina osokera opalasa ndi phazi. Luso ngati la utelala ndi ukalipentala limaphunzitsidwa ku Kamuzu Vocational Rehabilitation and Training Centre ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, pomwe fakitale yoluka ya ku Bangwe, mu Blantyre, yakhala ikulemba anthu aulumali kwa zaka zambiri. Womaliza maphunzirowa amafunikabe mpamba, zida zoyambira ndi benchi pamsika pamalo poti makasitomala ndi iye yemwe angafikepo.