Mankhwala a ziweto ogula pa lamya

Alimi ena tsopano akugula mankhwala a ziweto kwa anthu otsatsa malonda pa WhatsApp ndi Facebook. Mumatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, botolo n'kubwera pa minibasi. Mtengo ndi wotsika, inde, koma kodi wogulitsayo ali ndi chiphaso?

Lamulo la m'chaka cha 2019 lidakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Mankhwala, a anthu ngakhalenso a ziweto, ayenera kulembetsedwa kumeneko, ndipo wogulitsa akhale ndi chiphaso. Kugulitsira pa lamya sikufafaniza mlandu. N'chifukwa chake timati gulani kudzera kwa alangizi a ziweto.

Choopsa kwenikweni chili pa katemera. Wa chitopa uja wa I-2 amapirirako kutentha, koma akatandala padzuwa kudepoti mphamvu yake imachepa, botolo likuoneka bwinobwino. Mlimi amadontheza m'maso mwa nkhuku zake, mtima n'kukhala pansi. Chitopa chikabuka mu Seputembala, khola lonse psiti! Akayimbira wogulitsa uja, apeza nambala adasintha kalekale.