Kusankha Bokosi la Masipika Loyenerana ndi Ampulifaya ya Besi

Pakati pa zipangizo zonse za gulu loimba ndi magetsi, zimene zimasenza katundu wolemera koposa ndi za woimba gitala ya besi. Iye pamodzi ndi woimba ng'oma ndiwo amagwira chiuno cha nyimbo, ndipo besi ikangoti zii, ovina amayamba kuyang'anana ngakhale magitala ena onse akulira bwinobwino. Nthaŵi zambiri kukhala chete kotereku kumadza ndi kafungo ka waya wopserera, ndipo m'maŵa mwake mwini gulu amapezeka ali kwa mmisiri, akudandaula kuti anamugulitsa katundu wachabe. Komatu kaŵirikaŵiri katunduyo sakhala wachabe ayi. Ampulifaya imakhala yabwino, bokosi la masipika nalonso labwino, kungoti ziŵirizo zinaloŵetsedwa m'banja popanda ankhoswe.

Oimba besi ambiri amagula zinthu ziŵirizi padera. Ampulifaya, imene m'Chingerezi imatchedwa head, ndiko kunena mutu popeza imakhala pamwamba, ntchito yake ndi kukuza kamphamvu kakang'ono ka magetsi kochokera m'gitala. Payokha ilibe mawu. Mawu amatuluka m'bokosi limene lili pansi pake, mmene mumakhala sipika imodzi kapena zingapo. Sipika iliyonse ili ndi koyilo ya waya wochepa kwambiri yokhala pakati pa maginito, ndipo koyiloyo inamatidwa ku pepala lolimba looneka ngati mbale. Magetsi akamadutsa m'koyilomo, pepalalo limapita kutsogolo ndi kumbuyo n'kumakankha mpweya, ndipo mpweya wokankhidwawo ndiwo mawu amene khutu limamva.

Apa ndi pamene pagona vuto la besi. Nsambo yaikulu ya gitala wamba, ya E, imanjenjemera ka 82 pa sekondi imodzi. Yaikulu ya besi, imene nayonso ndi E, imanjenjemera ka 41 kokha, ndipo pa besi ya nsambo 5 palinso ina yotsika koposa, ya B, yonjenjemera pafupifupi ka 31. Kunjenjemera kukatsika ndi theka chotere, sipika iyenera kukankha mpweya woŵirikiza kanayi kuti mawuwo amveke mwamphamvu mofanana ndi oyamba aja. Aliyense amene anaonapo babatoni akuzidziŵa kale zimenezi. Nsambo yake ndi imodzi, koma opanga amaimangirira ku ching'oma chachikulu cha chikopa, chifukwa kang'oma kakang'ono sikangabereke mawu akuya. Bokosi la besi ndi ching'oma chomwecho, kungoti chikopa chake chimagwedezedwa ndi magetsi.

Funso loyamba kwa wogula si la mphamvu ayi, koma la ma-ohm. Kuseri kwa bokosi kumalembedwa nambala, kaŵirikaŵiri 8 kapena 4, yotsatidwa ndi mawu oti ohms kapena chizindikiro chooneka ngati chibangili chotseguka pansi. Dzinali ndi la Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene mu 1827 anafotokoza lamulo la mmene magetsi amayendera m'waya. Nambalayi imanena kuti bokosilo limakaniza magetsi motani. Ikakhala yaikulu, bokosi limakoka magetsi ochepa kuchokera ku ampulifaya. Ikakhala yaing'ono, limakoka ochuluka. Ambiri amasokonezeka pomwepa poganiza kuti 4 ndi wopepuka kuposa 8, chikhalirecho bokosi la ma-ohm 4 ndilo katundu wolemera pamsana pa ampulifaya.

Ampulifaya nayonso ili ndi nambala yake, yolembedwa pafupi ndi poloŵetsa mawaya a masipika, ndipo imeneyo ndi malire ake otsiriza. Zambiri za masiku ano, zimene m'kati mwake muli ma-transistor, zimalekezera pa 4, ndipo zina zoŵerengeka zimafika pa 2. Kukwera pamwamba pa malireŵa kulibe choopsa: ampulifaya yolekezera pa 4 ikapatsidwa bokosi la 8 imangopereka mphamvu yocheperapo, n'kumagwira ntchito mosatentha. Kutsika pansi ndiko ngozi. Ampulifaya imakakamizika kutulutsa magetsi opitirira muyezo wake. Yokhala ndi chitetezo imadzizimitsa yokha pakati pa nyimbo, yopanda chitetezo imapsa.

Tsono ngozi imeneyi imabwera mozemba tsiku limene gulu laganiza zoonjezera bokosi lachiŵiri. Mabowo aŵiri a kuseri kwa ampulifaya, ngakhalenso aja a kuseri kwa bokosi olumikizira linzake, pafupifupi nthaŵi zonse amalumikizana mwa njira imene amisiri amaitcha parallel. Zimenezi zikufanana ndi thanki ya madzi: mpope umodzi ukamatulutsa ndowa imodzi pa mphindi, kutsegula wachiŵiri wofanana nawo kumatulutsa ndowa ziŵiri. Choncho ma-ohm saphatikizana, koma amatsika. Mabokosi aŵiri a 8 amasanduka 4. Aŵiri a 4 amasanduka 2, ndipo ampulifaya yolekezera pa 4 siingapirire zimenezo. La 8 likaphatikizidwa ndi la 4, zotsatira zake ndi pafupifupi 2.7, zimenenso zili pansi pa malire. Kuonjezera apo, la 4 lija limatenga magawo aŵiri mwa magawo atatu a mphamvu yonse, linzake n'kutsala ndi gawo limodzi. Mabokosi akakhala ofanana, masamu ake ndi osavuta: ma-ohm a bokosi limodzi agaŵidwe ndi kuchuluka kwa mabokosiwo.

Pali mtundu wina wa ampulifaya umene lamulo lake ndi lokhwima koposa, ndiwo wa ma-valve, mababu agalasi aja amene akuluakulu akuwakumbukira m'mawailesi akale oyamba atentha kaye asanalankhule. Yotchuka mwa izi ndi Ampeg SVT, imene inatuluka ku America mu 1969, ndipo gulu la Rolling Stones linayenda nayo pa ulendo wake woimba m'dzikolo chaka chomwecho. Imapereka ma-watt 300, ndipo mutu wokhawo umalemera makilogalamu oposa 35. M'bokosi lake muli masipika 8 a mainchesi 10, iliyonse ya ma-ohm 32; 32 akagaŵidwa ndi 8 amapereka 4, monga mwa masamu aja. Ampulifaya ya mtundu uwu imatulutsa mphamvu yake kudzera m'thiransifoma, ndipo imafuna bokosi la nambala yeniyeni imene yalembedwa pa bowo kapena pa switchi yake. Choopsa kwambiri kwa iyo ndi kuimbidwa popanda bokosi lolumikizidwa. Mphamvu yosoŵa kopita imabwerera m'thiransifomamo n'kuiwononga, ndipo mtengo wa thiransifoma yotere ndi woliza munthu. Ya ma-transistor ilibe vuto limeneli.

Za ma-ohm zikalongosoka, m'pamene nkhani ya ma-watt ingayambe, ndipo apa ogulitsa amakonda kuthira mchere. Nambala yodalirika ndi imene yalembedwa kuti RMS kapena continuous, chifukwa imanena mphamvu imene chipangizo chingapereke kapena kupirira kwa nthaŵi yaitali. Yolembedwa kuti peak ndi ya kamphindi chabe, ndipo ya PMPO, imene imaoneka m'zilembo zikuluzikulu pa makatoni a mawailesi a m'nyumba, ndi nyambo yokodwera wogula. Bokosi loyenera ndi limene RMS yake ikufanana ndi ya ampulifaya pa ma-ohm omwewo, kapena kuposerapo pang'ono. Mfundo ya ma-ohm omwewoyi ndi yofunika, pakuti ampulifaya yopereka ma-watt 500 pa ma-ohm 4 kaŵirikaŵiri imapereka pafupifupi 300 okha pa ma-ohm 8.

Ngakhale RMS yomweyo siinena zonse. Imanena za kutentha kumene koyilo ingapirire, koma siinena mtunda umene pepala lingayende lisanafike pothera. Pa mawu otsika kwambiri, pepala limatha kufika pothera koyilo isanayambe n'komwe kutentha. Apa mlonda ndi khutu. Besi ikayamba kumveka ngati nsalu yong'ambika, kapena kugogoda nthaŵi iliyonse imene nsambo yaikulu yakhudzidwa, ndiye kuti sipika ikupempha chifundo, ndipo woimba wanzeru amatsitsa mawu nthaŵi yomweyo osayembekeza kuti nyimbo ithe.

Chimene chimakhumudwitsa ambiri ndi chakuti ma-watt sakweza mawu monga nambala yake imalonjezera. Kukwera kwa mawu kumayezedwa m'ma-decibel. Kuŵirikiza mphamvu kaŵiri, kuchoka pa ma-watt 250 kufika pa 500, kumaonjezera ma-decibel 3 okha, kusiyana kumene khutu limakumva koma kosadzidzimutsa. Kuti munthu anene kuti mawu akwera kaŵiri, pamafunika pafupifupi ma-decibel 10, ndiko kunena mphamvu yoŵirikiza ka 10. Pali nambala ina imene ogula saifunsa kaŵirikaŵiri, yotchedwa sensitivity, yonena kukwera kwa mawu amene bokosi limatulutsa likapatsidwa watt imodzi, woyeza ali pa mtunda wa mita imodzi. Bokosi la ma-decibel 100 limachita ndi ma-watt 150 ntchito imene la ma-decibel 97 limachita ndi ma-watt 300. Masamu omweŵa ndiwo amaulula kuopsa kwa kabatani kolembedwa bass pa ampulifaya: kukakweza ndi ma-decibel 6 ndi kulamula sipika kuti imeze mphamvu yoŵirikiza kanayi pa mawu omwe aja amene amaivuta kale.

N'chifukwa chake wogula bokosi loyamba, ngati ampulifaya yake ndi yolekezera pa 4, amachita bwino kusankha la ma-ohm 8, ngakhale wogulitsa anene kuti la 4 ndilo lidzatulutse mphamvu yonse. N'zoona kuti lidzatulutsa, koma phindu lake ndi ma-decibel 2 kapena 3 basi, ndipo wogulayo amakhala atadzitsekera yekha khomo loonjezera lina. Wa bokosi la 8, ndalama zikapezeka, amagula lachiŵiri lofanana ndi loyambalo. Pamenepo ma-ohm amatsikira pa 4, ampulifaya imapereka mphamvu yake yonse, mapepala okankha mpweya amaŵirikiza kaŵiri, ndipo mawu otsika amakwera ndi ma-decibel 5 kapena 6. Palinso phindu la msana: mabokosi aŵiri aang'ono amakwezeka m'galimoto mosavuta kuposa chimphona chimodzi, ndipo pa kaphwando ka m'nyumba limodzi limakwanira.

Za kukula kwa masipika pali chikhulupiriro chofala chakuti ya mainchesi 15 ndiyo ya mawu akuya, ndipo ya mainchesi 10 ndi ya mawu akuthwa okha. Mbiri siikugwirizana nazo kwenikweni. Kampani ya Fender itatulutsa gitala ya Precision Bass mu 1951, inapanga ampulifaya ya Bassman mu 1952 yokhala ndi sipika imodzi ya mainchesi 15, koma pofika 1955 inali itasinthira ku masipika 4 a mainchesi 10. Mapepala a masipika anayi otere akaphatikizidwa amaposa kutali pepala limodzi la 15. Kuya kwa mawu kumadalira kwambiri kapangidwe ka sipikayo ndi ka bokosi lake, osati mainchesi okha. Ndiponso chizoloŵezi chosanjikiza bokosi la masipika 4 a mainchesi 10 pamwamba pa la sipika imodzi ya 15 chili ndi msampha wake. Onse aŵiri akakhala a ma-ohm 8 amagaŵana mphamvu pakati ndi pakati, motero sipika imodzi ya pansiyo imasenza yokha katundu amene pamwamba akugaŵana anayi. Iyo ndiyo imayamba kufa, ndipo popeza ili m'munsi, kutali ndi khutu la woimba, kulira kwake sikumveka msanga.

Bokosi lenilenilo si chosungiramo masipika chabe. Ena amapangidwa otsekeka ponseponse, monga la Ampeg lija, ndipo mpweya wa m'kati umagwira pepala kuti lisayende mopyola. Ena amakhala ndi bowo kapena mpata woyezedwa bwino, umene umaonjezera mawu otsika, koma mawu akatsika kupitirira muyezo wa bowolo pepala limatsala lopanda choligwira. Amene amapangitsa mabokosi kwa akalipentala ayenera kutenga miyezo imene opanga sipikayo analemba, kugwiritsa ntchito pulayiwudi yokhuthala, ndi kutseka ming'alu yonse. Bokosi lotseguka kumbuyo, monga la gitala wamba, siliyenera besi, chifukwa mpweya wochokera kuseri kwa pepala umazungulira n'kufafaniza wa kutsogolo. Malo oimbira nawonso amaloŵerera. M'holo, bokosi loikidwa pansi pafupi ndi khoma limathandizidwa ndi khomalo, koma pabwalo la mpira palibe chobweza mawu, ndipo gulu loimba panja limafuna masipika ochulukirapo kuposa mmene limafunira ma-watt.

Bokosi logulidwa kwa munthu wina kaŵirikaŵiri limafika chizindikiro chake chitafufutika, mwinanso masipika ake atasinthidwa. Mmisiri aliyeze ndi mita yake lisanalumikizidwe. Mita imaonetsa nambala yotsikirapo pang'ono: bokosi la 8 limaonetsa pakati pa 5 ndi 7, la 4 limaonetsa pafupifupi 3. Batire laling'ono la mavoti 9 likakhudzidwa kamphindi ku mawaya a bokosi, mapepala onse ayenera kulumphira mbali imodzi. Limene lalumphira kwina lalumikizidwa chozondoka ndipo likudya mawu a anzake, ndipo limene silinasunthe n'komwe ndi lakufa. Chingwe cholumikiza ampulifaya ku bokosi chikhale cha masipika, cha mawaya aŵiri onenepa. Chingwe cha gitala, ngakhale pulagi yake imaloŵa m'bowo lomwelo, waya wake wa m'kati ndi wochepa ndipo umatha kutentha mpaka kusungunuka. Ampulifaya yotumizidwa ndi wachibale wa ku America iyang'anidwe kuseri isanaloŵetsedwe pakhoma, pakuti magetsi a kumeneko ndi a mavoti 120, pamene a ku Malaŵi ndi ku Zambia ndi a mavoti 230.