A INE-INE ATIKWANA M'MISIKAMU

Pamsika uliwonse alipo. Kaya ndi ku Limbe, ku Ndirande kapena kwa Tsoka ku Lilongwe, simungalephere kupeza munthu amene akatsegula pakamwa 7 koloko m'mawa amadzatseka dzuwa litalowa. Wailesi imatha mabatire, iwo ayi. Amenewa ndiwo a Ine-ine.

Mumawadziwira apa: nkhani iliyonse imene mwayamba imakathera pakhomo pawo. Inu mukati mwana wagona ndi malungo, iwo ati, "Aaa, amenewo ndi malungo ngati? Anandigwira ine chaka chatha aja ndiye anali malungo!" Mukadandaula kuti belo la kaunjika mwatsegula lija ladzaza nsanza, iwo ayamba kale za belo lawo, la mlamu wawo, mpaka ulendo wawo wa ku Joni. Inu simunamalize, ndipo za mwana wodwala uja palibe wakufunsani.

Ena amati n'chibadwa, tizingoseka. Koma kwa ife amalonda kulongolola kotere kumadya ndalama. Kasitomala waima akufuna mulu wa tomato, inu muli kalikiliki kugwedezera mutu nkhani ya eni ake. Iye sadikira, amangosunthira pabenchi lina. Choopsa chenicheni chili pamsonkhano wa chipereganyu kapena wa komiti ya msika. Munthu mmodzi akatenga ola lathunthu, mayi wofatsa uja amene waona kuti masamu a msungichuma sakugwirizana amabwerera kwawo ndi mawu ake m'mimba. Gulu limadzagwa ndalama zitalowa kale m'madzi, anthu n'kumadabwa kuti zayamba liti.

Mukawadzudzula amathamangira kunena kuti, "Ndi demokalase, ndili ndi ufulu wanga." Zoonadi, pa 14 June 1993 Amalawi anavotera matipate atatopa ndi zaka pafupifupi 30 zoyankhula monong'ona, ndipo gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woyankhula. Koma tamvani bwino mawuwo: munthu aliyense. Tinakana chipani chimodzi, nanga tilolerenji pakamwa pamodzi? Ngakhale ku Nyumba ya Malamulo phungu amadikira kuti Sipikala amupatse mpata. Pabwalo la mfumu napo munthu amayamba wamva mnzake kenaka n'kuyankha.

Ndiye titani nawo anthu amenewa?

Choyamba, lekani kusonkhezera moto. Timawu tija timangotulutsa mwaulemu, "eti?", "ndiye?", "zoona?", ndi nkhuni zimenezo. Khalani duu, manja ali pa ntchito, ndipo kasitomala akafika nenani poyera: "Pepani achimwene, ndithandize kaye awa." Palibe wamalonda angakwiye ndi mawu amenewo, chifukwa naye anabwerera zomwezo.

Chachiwiri, bwezani nkhani kwa mwini wake. Mnzanu akadulidwa mawu, musalimbane ndi wodulayo. Dikirani apume mpweya, inu n'kutembenukira kwa wodulidwa uja: "Achemwali, munali musanamalize, paja mumati mwanayo watani?" Mukatero kawiri katatu, ena pagulupo amayamba kutengera.

Chachitatu n'cha atcheyamani. Lamulo liikidwe msonkhano usanayambe, lisamadzabwere munthu ali pakati poyankhula, chifukwa apo limaoneka ngati chidani. Aliyense mphindi ziwiri, mozungulira, ndipo palibe kubwereza ena asanayankhule. Ofatsa aja muziwaitana ndi dzina. Ngati a Ine-ine amadziwa kulemba, apatseni kope ndi bolopeni akhale mlembi. Dzanja likatanganidwa, pakamwa pamapuma.

Chachinayi, atengereni pambali. Kumuyalutsa munthu pagulu kumangobala chidani, chonsecho mawa mukhalanso moyandikana mabenchi. Muuzeni muli awiri: "Mlamu, mfundo muli nazo, koma dzulo anzathu atatu apita osayankhula." Ngati ndi wamkulu kwa inu, tumani wamsinkhu wake. Ambiri sadziwa n'komwe kuti amatero, poti palibe anawauzapo.

Tisaiwale kusiyanitsa. Namfedwa amene akubwereza nkhani ya malemu amuna ake, kapena gogo wokhala yekha amene pamsika ndi pokhapo pomwe amapeza womumvera, ameneyo mupatseni khutu. Iye akamaliza amakufunsani za kwanu. A Ine-ine enieni safunsa, ndipo mukayamba kuyankhula maso awo amakhala ali kwina, akudikira pobudukira.

Mukayesa zonsezi koma osasintha, musadwale nazo mtima. Moni apatseni, pamaliro thandizanani, koma nthawi yanu isungeni ngati mpamba. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la chipereganyu likagwa limagwera tonse.

Inunso madzulo ano mukamalongedza katundu, dzifunseni: mnzanga wa benchi loyandikana nane wandiuza chiyani lero? Ngati simukukumbuka ngakhale chimodzi, musayang'ane kutali, a Ine-ine ali pabenchi panu pomwepo.