Mchira wa pa linki ungakubisireni makasitomala

Amalonda anzanga, ndi inu ophunzira, kodi munaonapo linki yotalika ngati njoka, yomwe pambuyo pa chizindikiro cha funso pamabwera zilembo zosamveka monga "fbclid" kapena "utm_source"? Ine ndimati umenewu ndi mchira. Ambirife timangoutumiza pa WhatsApp osadziwa ntchito yake.

Mchirawu ndi kazitape. Umauza mwini tsamba komwe mlendo wachokera. UTM imeneyi si chipani chathu chija ayi. Dzinali linachokera ku Urchin, kampani yomwe Google inagula mu 2005. Facebook nayo inayamba kumata "fbclid" mu 2018. Mu 2024 eni masitolo a pa intaneti anadzidzimuka kuona "srsltid", yochokera ku Merchant Center, itamera pa malinki awo m'zotsatira za Google.

Tsono vuto nali. Makina a Google amatenga adiresi iliyonse yosiyana ngati khomo lina. Tsamba limodzi la nsapato likhoza kuoneka ngati masamba khumi. Mphamvu yomwe tsambalo limapeza ena akamalilozera imagawikana, ndipo makinawo amataya nthawi kuwerenga chinthu chimodzimodzi m'malo moona katundu wanu watsopano.

Kunena chilungamo, Google imati sipereka chilango pa masamba obwereza otere, ndipo kawirikawiri imasankha yokha adiresi imodzi yoti izionetsa. Nanga ikasankha yamchira? Nkusiyira mlendo kuti akulozereni khomo la sitolo yanu yomwe!

Mankhwala alipo. Mu 2009 Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana za chizindikiro chotchedwa "canonical", chomwe chimauza makina kuti adiresi yeniyeni ndi iti. Funsani amene anakukonzerani webusaiti ngati anachiika pa tsamba lililonse. Akakuuzani kuti akonza ndi chida cha URL Parameters, dziwani kuti Google inachichotsa mu 2022. Komanso musaike "utm" pa malinki ochoka pa tsamba lanu kupita pa lina lanu lomwe, chifukwa mudzasokoneza chiwerengero cha alendo.

Inu ophunzira, dulani mchira musanatumize linki. Ngakhale Apple inayamba kudula ina mwa michirayi pa iPhone mu 2023. Koma samalani: pa YouTube, zilembo zotsatira "v=" ndiye dzina la kanemayo, mukadula palibe chomwe mnzanu aone.

Lendi ya pa intaneti mumalipira ndi thukuta lanu. Funsani lero, pajatu safunsa anadya phula.