Ntchito masana, sukulu pa wikendi: nthawi ya moyo wako ili pati?

Loweruka m'mawa mukaima pa Ginnery Corner kapena pa Chichiri mudzaona achinyamata atabereka zikwama, maso ali psuu ndi tulo, akuthamangira kalasi. Ambiri mwa iwo dzulo lake aweruka 5 koloko. Ena akusaka digiri ku MUBAS, ena akulimbana ndi mapepala a ICAM, ena akuphunzirira kunyumba kudzera mu ODeL ya LUANAR kapena Mzuni. Chifukwa chake n'chodziwika: ntchito zikalengezedwa, dipuloma yokha siikukwanira. Koma ambiri amalipira fizi asanawerengere nthawi, ndiye pakati pa semesita zinthu zimathina.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Sabata ili ndi maola 168. Ngati mumalowa 8 koloko n'kuweruka 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu, apita 45. Minibasi yochokera ku Machinjiri kapena ku Chilomoni, kupita ndi kubwera, tingoti maola awiri patsiku, ndiye 10. Kugona maola 7 usiku uliwonse ndi 49. Kuphika, kuchapa, kusamba ndi kudya, maola atatu patsiku, 21. Kalasi Loweruka ndi Lamulungu, 16. Otsala ndi 27 basi, osakwana anayi patsiku. M'menemo ndi momwe muwerenge, mulembe asainimenti, mupemphere, muone makolo, mucheze ndi bae. Nanga TikTok? Imadya pomwepo.

Ndiye poyambira ndi kudziwa ufulu wanu kuntchito. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa kamodzi ndi theka. Limaperekanso tchuthi cholipidwa pachaka: masiku 15 kwa ogwira masiku asanu pa sabata, 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Masiku amenewa musamwaze. Ndandanda ya mayeso ikangotuluka, lembani kalata yopempha tchuthi tsiku lomwelo. Abwana ambiri sadana ndi sukulu, amadana ndi kudzidzimutsidwa. Kubisa kuti muli pasukulu n'kumanama kuti "ndadwala" semesita iliyonse, tsiku lina zidzaululika, ndipo chikhulupiriro chikatha sichibwerera msanga.

Kenako ndalama. Musanalipire ngakhale tambala, onani ngati sukuluyo komanso kosi yeniyeniyo zili pa mndandanda wa NCHE, bungwe lomwe limavomereza maphunziro a ukachenjede. Zimapweteka kutaya zaka zinayi za mawikendi n'kudzamva kuti pepala lako alemba ntchito sakulizindikira. Ndipo fizi si mtengo wonse. Pali thiransipoti, bandulo, fotokope, nkhomaliro ya m'tauni. Ikani padera kenakake mwezi uliwonse, kaya ku banki m'khonde, chifukwa katapila wa fizi amameza salale ya miyezi ingapo.

Pomwe pamavuta kwenikweni ndi kunyumba. Kwathu kuno Loweruka ndi tsiku la ukwati, chinkhoswe ndi kumanga ziliza, ndipo ukamasowa amati wayamba matama. Musadikire kuti akudandaulireni. Khalani pansi ndi amayi, amalume, akunyumba kwanu, muwauze kuti sukuluyi itha liti ndipo ndi zochitika ziti zomwe simungafikeko. Maliro a wachibale, amenewo pitani, aphunzitsi amamvetsa mukawauza msanga. Koma si bridal shower iliyonse yofuna nkhope yanu. Kutumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba n'kuimba foni kumakwanira.

Powerenga, ola limodzi m'mamawa mutu uli wopepuka limaposa maola atatu usiku mukuwodzera. Dawunilodani manotsi pomwe netiweki ili bwino, tchajani foni ndi laputopu magetsi akadalipo. Gulu la WhatsApp la kalasi n'lothandiza, koma magulu enawo atsekeni pakamwa mpaka mayeso athe.

Thupi nalo limalankhula. Mutu wosatha, kupsa mtima pa zazing'ono, kuiwala zomwe wawerenga dzulo, zonsezi zikutanthauza kuti katundu wachuluka. Ngati sukulu yanu imalola, chepetsani makosi semesita imeneyo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kumaliza mochedwa ndi chaka chimodzi, ntchito ilipo, banja lilipo, si kulephera ayi.