Bere la mayi ndi nkhokwe yoyamba ya mwana

Nyumba ya Farao inali ndi chuma chonse cha dziko la Aigupto: nkhokwe za tirigu, ziweto ndi antchito osawerengeka. Koma tsiku limene mwana wamkazi wa Farao anatola khanda pakati pa mabango a mtsinje wa Nailo, chuma chonsecho chinasowa ntchito. Buku la Eksodo, mutu 2, likutiuza kuti anachita kufuna mayi woti akamuyamwitsire mwanayo, nalonjeza kumulipira. Mayi amene anapezekayo anali mayi wake weniweni wa Mose. Munthu amene anadzatulutsa Aisraeli mu ukapolo anayamba ulendo wake pa bere la mayi wake.

Okondedwa awerengi, chimene Mlengi anaika m'thupi la mayi achipatala akuchichitira umboni mpaka lero. Mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza zinthu zitatu: mwana ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe chibadwire, ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6, osapatsidwa madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, kenaka ayambe zakudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. M'chaka cha 2016, magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba kuti ana pafupifupi onse atamayamwa motere, imfa zoposa 800,000 za ana osakwana zaka 5 zikhoza kupeweka chaka chilichonse padziko lapansi.

Mmera mpoyamba. Mkaka wachikasu umene umatuluka masiku oyambirira ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa, pamene ndiwo katemera woyamba wa mwana. Muli chitetezo chimene thupi la mayi lapanga polimbana ndi matenda a pamalo pomwe mwanayo wabadwira. Umamata m'matumbo mwa khanda kuti tizilombo tisalowe msanga, ndiponso umathandiza kutulutsa chimbudzi chakuda choyamba chija. N'chifukwa chake ana oyamwa mwakathithi sadwala kawirikawiri matenda otsegula m'mimba ndi chibayo, amene alanda ana ambiri m'midzi mwathu.

Nanga ludzu? Pa magawo 100 a mkaka wa m'mawere, pafupifupi 87 ndi madzi. Ngakhale m'dzuwa la mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, khanda limene likuyamwa nthawi iliyonse likafuna silisowa madzi ena. Madzi a pachitsime, kapu yosatsuka bwino ndi botolo loterapo ntchentche ndizo njira zimene matenda amadzera. Komanso kamimba ka khanda ndi kakang'ono. Phala likadzazamo, mwana sayamwanso mokwanira. Pamenepo mkaka umayamba kuchepa, chifukwa bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira.

Mayi nayenso amapindula. Mwana akayamwa atangobadwa, chiberekero chimabwerera msanga m'malo mwake ndipo magazi sataika ambiri. Amayi oyamwitsa nthawi yaitali amachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndiponso matenda a shuga. Kuyamwitsa mwakathithi kumathandizanso kuti banja lisatumbize, koma pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa usana ndi usiku, ndipo mayi asanayambenso kusamba. Chimodzi mwa zitatuzi chikasintha, nkoyenera kukaonana ndi achipatala.

Ubwino wonsewu tinaumva kusikelo ndi pawailesi. Chodabwitsa nchakuti kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2010 anapeza kuti ana 71 mwa 100 aliwonse osakwana miyezi 6 ankayamwa mwakathithi m'Malawi muno, koma wa 2015-16 anapeza kuti chiwerengerochi chatsika kufika pa 61. Tisafulumire kuloza chala amayi. Tidzifunse: kodi amene amapereka phala kwa mwana wa miyezi 2 ndani? Nthawi zambiri chiganizocho chimachokera pakhomo. Mwana akalira usiku, bambo amadandaula kuti tulo tawo tasokonezeka. Agogo kapena apongozi, mwa chikondi chenicheni, amati mkaka sukukwana. Ndipo mayi amene wakhala kumunda kuyambira m'bandakucha, kenaka kudambo kukatunga madzi ndi kuthengo kukatola nkhuni, alibe mphamvu zotsutsa akuluakulu.

Apa tiphunzire kwa Elikana. Pa 1 Samueli mutu 1 timawerenga kuti banja lake linkapita ku Silo chaka ndi chaka kukapereka nsembe. Samueli atabadwa, Hana anasankha kutsala pakhomo kufikira mwanayo ataleka kuyamwa, ndipo mwamuna wake anavomera. Ulendo wa ku nyumba ya Mulungu unali wofunika, koma Elikana anaona kuti kuyamwitsa mwana ndi utumiki woyenera kuupatsa nthawi yake. Bambo wa lero sangayamwitse, koma angathe kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kusambitsa ana okulirapo, ndi kuonetsetsa kuti mayi akudya mokwanira: nsima ya ndiwo zakasinthasintha, nyemba, usipa, masamba otendera ndi zipatso. Angathenso kulankhula mwaulemu ndi makolo ake pamene iwo akufuna kumwetsa khanda zinthu zina, kuti mawu ovutawo asatsalire mkamwa mwa mtengwa yekha.

Amene tili ndi antchito tikumbukire kuti lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse. Masabata 8 ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi 6. Mtsikana wantchito za pakhomo pathu, kapena mayi wogulitsa m'golosale yathu, akabwerera kuntchito afunika mpata woyamwitsa kapena wofinyira mkaka m'kapu yoyera yovundikira.

Kwa amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV, nthawi ya mantha aakulu ija inadutsa. M'chaka cha 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka. Mayi womwa mankhwala mokhulupirika amalangizidwa kuyamwitsa mwakathithi ngati mnzake aliyense, ndi kupita ndi mwana kukayezetsa pa nthawi zimene achipatala anena. Palinso amayi amene mkaka umawavuta chifukwa cha matenda, ndi makanda amene amayi awo anatisiya. Amenewa asaweruzidwe, tiwaperekeze kuchipatala kuti akalandire uphungu woyenera.

Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi a magulu ena a mumpingo, tikamapita kukaona mwana watsopano timatenga sopo, ufa ndi chitenje, ndipo nzabwino. Tiwonjezepo manja athu: wina achape, wina akonole, wina aphike, kuti mayi akhale pansi ayamwitse mosathamanga. M'tchalitchi namo, mayi woyamwitsa asachite manyazi kapena kutulutsidwa panja ngati wolakwa.

Pa Genesis 21:8 timamva kuti Abrahamu anakonza phwando lalikulu tsiku limene Isake analeka kuyamwa. Linali phwando lothokoza kuti mwana wadutsa zaka zoopsa ali moyo. Tsiku lotere lifike pakhomo pa aliyense wa ife pa nthawi yake, osati mofulumizidwa ndi njala, kutopa kapena malangizo olakwika. Ambuye adalitse amayi onse oyamwitsa, ndipo atipatse ife owazungulira mtima wowapeputsira katundu.