Kwa Jumbe kudatsala mzikiti, manda ndi mpunga

Anthu a ku Chambe, m'boma la Mulanje, adazolowera kuona alendo akutsika pa Likhubula, zikwama kumsana, kukakwera phiri. Ndi ochepa mwa alendowa amene amafunsa za mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese, cha ku Phalombe, pomwe pankadutsa mitunda ya akapolo kulowera ku Quelimane. Mafumu a Chiyao monga Mkanda ndi Matipwiri adalemera ndi malondawo mpaka Angerezi adamangapo Fort Lister m'chaka cha 1893.

Koma wofuna kuona likulu lenileni la wolamula wa Chisilamu wa masiku amenewo, ulendo wake ndi wa ku Nkhotakota, kwa Jumbe.

Musapite ndi chithunzi cha Alhambra m'mutu. Nyumba yachifumu imeneyo, ya mumzinda wa Granada ku Spain, mafumu achisilamu adaisiya mu 1492, koma zipilala zake, akasupe ndi minda yamaluwa ya Generalife zikadalipo. Kwa Jumbe nyumba zidagwa kalekale. Mlendo amangopeza zotsalira za mzikiti ndi manda a Ajumbe.

Salim bin Abdallah, Mswahili, adafika pagombeli cha m'ma 1840. Adamanga linga, adakhoma zombo, nayamba kuwolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita tsidya lija, komwe ankauyamba wapansi wa ku Kilwa. Udindo wake wa Jumbe udagwa kwa ena atatu pambuyo pake.

Nanga minda yake ili kuti? Yang'anani m'madambo. Mpunga umene Nkhotakota imatchuka nawo udafala ndi Aswahili amenewa, chimodzimodzi mitengo ya kokonati ya m'mbali mwa nyanja. Udali munda wodyetsa mzinda, asilikali ndi amalonda apaulendo, osati woti mfumu izipolerako mphepo madzulo. Ndipo pasakhale kuzembazemba apa: ambiri amene ankagwira khasu m'madambomo adali akapolo. Ichi n'chimene chimavuta pamalo pano, poti Chisilamu, luso lokhoma zombo ndi mpunga zidalowera khomo limodzi ndi goli.

Mtengo wa mkuyu umene David Livingstone adakumanirana pansi pake ndi Jumbe mu 1863 uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Pempho lake loti malondawo athe silidamveke. Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, yemwe adamwalira mu 1894. Womlowa m'malo sadakhalitse. Angerezi adamuchotsa pampando nakamutaya ku Zanzibar.

Mu 2011 dziko lino lidapereka ku UNESCO mndandanda wa malo a njira za akapolo kuti awaganizire kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Nkhotakota ilipo, Fort Lister nayonso ilipo. Wa ku Chambe atha kuyambira pa Fort Lister pomwepa, tsiku limodzi n'kubwerako, asadaganize zokwera basi ya ku nyanja.